Tsiku limene nyanja inatitsekera msewu ku Holy Island

Apongozi anga anabwera kudzakhala nafe kuno ku England kwa miyezi itatu, ndipo mwezi woyamba wonse unatha asanaone china chilichonse kupatula makoma a nyumba, tchalitchi ndi kamsewu kopita kusukulu kwa mdzukulu wawo. Ine ndi akazi anga tinkangosinthana mashifiti, wina akulowa wina akutuluka. Zinkandiwawa mumtima kuti munthu wamkulu wayenda ulendo wautali chonchi n'kudzangokhala pawindo kumaonerera magalimoto. Ndiye sukulu zitatsekera sabata imodzi kumapeto kwa Okutobala, ndinapempha masiku anayi kuntchito n'kunena kuti tipite ku Northumberland. Tinali anthu anayi: ine, akazi anga, apongozi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 9.

Northumberland ndi boma la kumpoto kwenikweni kwa England, lochita malire ndi Scotland. Kulibe boma lina m'dzikoli kumene anthu amakhala motalikirana ngati kumeneko. Ungayende mtunda wautali ukuona mapiri, nkhosa, malinga akale amiyala ndi gombe lamchenga losatha. Ndinalisankha chifukwa apongozi ndi munthu wopemphera, ndipo ndinkafuna akaone Holy Island, chilumba chimene dzina lake lakale ndi Lindisfarne, kumene chikhristu cha kumpoto kwa England chinazikira mizu. Ndikulemba izi chifukwa pamsewu wopita kuchilumba chimenecho ndinatsala pang'ono kumiza banja langa.

Ndinakonzekera ulendowu kwa masabata awiri, zonse n'kuzilemba papepala limodzi. Lachitatu: Alnwick ndi Dunstanburgh. Lachinayi: boti lopita ku tizilumba ta Farne Islands. Lachisanu: khoma lakale la Aroma lotchedwa khoma la Hadrian masana, usiku kukaona nyenyezi ku Kielder. Loweruka: Holy Island. Ndinene mosabisa kuti za madzi ndinkazidziwa. Ndinali nditawerenga kuti msewu wa kuchilumbacho umadutsa pamchenga ndipo nyanja imaukwirira kawiri pa tsiku. Ndinalowa pa intaneti, ndinapeza nthawi zowolokera zimene Northumberland County Council imalengeza, ndipo pambali pa mawu oti Loweruka ndinalemba kuti tikhale titatuluka isanakwane 3:55 masana. Ndinalembanso mzere kunsi kwake kuti ndisaiwale.

Tinakwera sitima mpaka ku Newcastle, n'kutengako galimoto ya hayala. Mnyamata wa pakauntala anandipatsa mapepala angapo oti ndisaine, ine n'kusaina osawerenga chifukwa apongozi anali chiimire panja ndi zikwama kukuzizira. Mkati mwa mapepalawo munali chiganizo chimene ndinadzachiwerenga patapita masiku awiri, mtima ukugunda. Ngati mukubwereka galimoto, khalitsani akuluakulu pamalo ofunda, inu mutenge mphindi khumi muwerenge pamene alemba zinthu zomwe inshulansi silipira.

Tsiku loyamba linandionetsa kuti pepala langa linali ndi zinthu zochuluka kuposa maola a tsiku. Msewu waukulu wa A1 ukadutsa Morpeth umakhala wopapatiza m'malo ambiri, njira imodzi yopita ina yobwera, ndipo ukapezana ndi thirakitala umayenda liwiro lake. Ku Alnwick tinafika 2 koloko itadutsa. Linga la kumeneko lakhala m'manja mwa banja la Percy kuyambira 1309 ndipo mpaka lero akukhalamo, koma ife tinaliona mothamanga, ola limodzi lokha, chifukwa ndinkafuna tikafike ku Dunstanburgh kusanade.

Kulinga lakale la Dunstanburgh kulibe msewu wa galimoto. Umaimika kumudzi wa asodzi wa Craster, n'kuyenda wapansi makilomita awiri m'mphepete mwa nyanja, pa udzu wodyetserapo ziweto. Mabwinjawo amaoneka patali ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo ukamayandikira m'pamene umazindikira kukula kwake. Anayamba kulimanga mu 1313 ndi Thomas, Earl wa ku Lancaster, amene anali pa mkangano ndi mfumu Edward II. Malowo ndi okongola moti ukhoza kuima phee kwa nthawi yaitali. Koma apongozi ali ndi vuto la bondo, ndipo pakati pa njira anakhala pamwala n'kunena kuti, "Pitani ananu, ine ndizionera pompano." Akazi anga anatsala nawo. Ine ndi mwana tinathamanga kukakhudza khoma n'kubwerera. Pamalo ambiri akale a m'bomali, poimika galimoto ndi pamene pali chinthucho pamakhala mtunda, nthawi zina wokwera. Musanatenge munthu wamkulu, fufuzani mtunda umenewo, osangoti mtengo wa tikiti. Ndipo mphepo ya kunyanja imeneyi imalowa mpaka m'mafupa, choncho jekete losalowa madzi ndi nsapato zotseka n'zofunika kuposa zovala zojambulitsira zithunzi.

Tinagona ku Seahouses, kadoko kamene maboti opita ku Farne Islands amanyamukira. Lachinayi m'mawa tinapita kudoko n'kupeza kuti maboti sakuyenda chifukwa cha mphepo. Mwana anali atalakalaka kuona mbalame zamilomo yamitundumitundu zotchedwa puffin, ndipo mayi wina wogulitsa matikiti anamuuza mokoma mtima kuti ngakhale boti likanayenda sakanaziona, chifukwa zimabwera kudzaswa cha mu Epulo ndipo pofika Ogasiti zimakhala zitabwerera kunyanja. Mwana analira. Ine pofuna kukonza zinthu ndinati, "Musadandaule, tingosinthanitsa masiku. Lero tipite ku Holy Island, boti tidzayesa Loweruka."

Pamenepo ndi pamene ndinalakwira. Ndinasuntha tsiku, koma nthawi ija ya 3:55 ndinasamuka nayo.

Tinayamba taima ku Bamburgh, mphindi zochepa kuchokera ku Seahouses. Linga la Bamburgh lakhala pamwamba pa thanthwe lakuda moyang'anizana ndi nyanja, ndipo pamalo amenewa m'pamene mafumu a Northumbria, ufumu wakale wa dera limeneli, ankakhala. Linga limene timaliona lerolo analikonzanso ndi William Armstrong, mwini mafakitale amene analigula mu 1894. M'mudzimo muli kanyumba kosungirako zinthu zakale ka Grace Darling, mwana wa mlonda wa nsanja younikira sitima ya Longstone. Mu 1838 sitima ya Forfarshire itasweka pamiyala, iye ndi bambo ake anapalasa kabwato m'namondwe, ndipo anthu 9 anapulumuka. Kabwato komweko kali m'nyumbamo. Mtsikanayo anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1842, ali ndi zaka 26. Apongozi anakayang'ana kabwatoko nthawi yaitali n'kupukusa mutu, amvekere, "Nyanja iyi si yosewera nayo."

Cha m'ma 11:30 tinakhota kuchoka mu A1 pa Beal, tinadutsa njanji, n'kutsikira kumchenga. Poyambira msewu wa pamchengawo pali chikwangwani chokhala ndi nthawi zowolokera za tsiku lililonse, ndiponso machenjezo akuluakulu. Ndinachiona. Sindinaime, chifukwa nthawi ndinali nayo kale m'thumba. Ngati mwa zonse ndalembazi mungagwirepo chinthu chimodzi, chikhale chimenechi: imani pa chikwangwanicho, tsikani, pezani deti la tsiku lomwelo ndi chala chanu, ndipo wina wa m'galimoto awerengenso payekha.

Kuwoloka kwake kunali kosangalatsa. Uku mchenga, uku mchenga, wonyowa ndi wonyezimira mpaka kumene maso amalekezera, mbalame zikutolatola m'matope. Tinadutsa kamlatho kakang'ono ndi kanyumba koyera kokhala pamiyendo italiitali, kokhala ndi makwerero. Mwana anafunsa kuti, "Adadi, mumakhala ndani umo?" Ndinamuyankha kuti ndi kothawiramo anthu amene madzi awapezerera. Chakumanja kunali mzere wa mitengo yozikidwa mumchenga, yosonyeza njira yakale ya oyenda pansi, pafupifupi makilomita asanu. Njira imeneyo ili ndi malamulo akeake. Nthawi za msewu wa galimoto sizigwira ntchito kumeneko, ndipo amayendamo madzi akamaphwa basi.

Pachilumbapo pamakhala anthu osakwana 200. Alendo amaimika magalimoto kunja kwa mudzi n'kulowa wapansi. Tinayambira kumabwinja a nyumba ya amonke, a miyala yofiirira imene mphepo yaidya mpaka kuoneka ngati zisa za njuchi. Pamwamba patsala chipilala chimodzi chopindika ngati utawaleza, chopanda denga lililonse, ndipo umadabwa kuti chikuimira chiyani. Mabwinja amenewa ndi a m'zaka za m'ma 1100, koma nkhani ya malowa inayamba kale kuposa pamenepo. Mu 635 mfumu Oswald inaitana mmonke wa ku Ireland dzina lake Aidan, kuchokera ku chilumba cha Iona, kuti adzaphunzitse anthu ake. Aidan sankachidziwa bwino chilankhulo cha anthuwo, ndiye akamalalikira mfumu yeniyeniyo ndi imene inkamasulira. Nditawafotokozera zimenezi apongozi, nkhope yawo inawala. "Mfumu kukhala womasulira?" anatero. "Ameneyo ndiye anali munthu."

Kenako kunabwera Cuthbert, amene anakhala bishopu mu 685 n'kumwalira mu 687. Buku lotchuka la Mauthenga Abwino la Lindisfarne, lolembedwa ndi kukongoletsedwa pamanja pazikopa, linalembedwa pachilumba pomwepa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 700. Musayembekezere kukaliona kumeneko, chifukwa limasungidwa ku British Library ku London. Mu 793 ma Viking, ankhondo ochokera ku Scandinavia, anatulukira panyanja, anapha amonke ndi kulanda katundu, ndipo mu 875 amonke otsala ananyamula bokosi la Cuthbert n'kuchoka. Patapita zaka zoposa 100 linakakhazikika ku Durham mu 995. M'tchalitchi cha St Mary, choyandikana ndi mabwinjawo, muli chosema chamtengo cha amonke 6 atasenza bokosilo pamapewa, aakulu kuposa munthu. Apongozi anakhala pabenchi pafupi nacho n'kupemphera chamumtima, ife tikuwadikira pakhomo.

Titadya nkhomaliro tinayenda pang'onopang'ono kulowera kulinga laling'ono limene lakhala pansonga ya chulu chamwala kum'mawa kwa mudzi. Linamangidwa cha m'ma 1550, ndipo kuyambira 1903 katswiri wa zomangamanga Edwin Lutyens analisandutsa nyumba yopumuliramo. M'njira muli maboti akale a asodzi amene anawadula pakati n'kuwavundikira kuti akhale mosungira zipangizo. Mwana anaiwala za mbalame zake. Ine mtima unali m'malo, poona kuti tsiku limene linayamba ndi misozi likutha bwino.

Tikubwerera cha m'ma 2 koloko ndinaona anthu akuyenda mofulumira kulowera koimika magalimoto. Malo ena omwera tiyi anali akulowetsa mipando. Akazi anga anati, "Abambo, bwanji aliyense akuchoka?" Ndinatulutsa pepala lija n'kuwaonetsa. "Tikadali ndi maola awiri. Asiyeni apite, ife tipeze mpata wojambula bwino." Chizindikiro chinali poyera. Gulu lonse la alendo likanyamuka nthawi imodzi pachilumba chotere, funsani munthu wapafupi chifukwa chake. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo sindinafunse.

Tinanyamuka 3:15, pamalo oimikapo patatsala magalimoto owerengeka. Kuchoka m'mudzi, msewu umayenda kaye makilomita angapo m'mbali mwa zulu zamchenga, ndipo kumeneko kunali kouma. Apa m'pamene pamanyenga munthu wochokera kuchilumba. Malo otsika kwambiri ali kutsogolo, pa kamlatho kaja, pafupi ndi kumtunda. Umayenda pouma, kenako ponyowa, kenako pa timadzi tosafika n'komwe pakakolo, ndipo umadziuza kuti ndi zotsalira za m'mawa. Kutsogolo ndinkaona magalimoto ataima kutsidya, pafupi kwambiri moti ndinkatha kusiyanitsa mitundu yake. Mchenga wonse uja tinauona m'mawa unali utasanduka nyanja imodzi yotuwa, ndipo msewu unkadziwika ndi timitengo ta m'mbali mokha.

Ndinapitirira. Ndinachepetsa liwiro, koma ndinapitirira. M'mutu mwanga munali mawu amodzi okha, oti nthawi sinakwane, ndiye madziwa sangakhale akuya. Ndinakhulupirira pepala kuposa maso anga.

Madzi anayamba kumveka akumenya pansi pa galimoto. Sanali kubwera ngati funde lochokera kutsogolo. Ankadutsa msewu chopingasa, mwakachetechete koma mwamphamvu, atanyamula udzu wa m'nyanja. Chiwongolero chinayamba kupepuka m'manja. Mwana anakweza miyendo n'kunena kuti, "Amayi, pansi panyowa." Akazi anga anandigwira mkono osalankhula. Kanyumba koyera kaja kanali patsogolo pathu, miyendo yake ili m'madzi.

Chikwatirireni mwana wawo, apongozi anga anali asanandilamulepo chinthu. Tikakhala pamodzi amalankhula nane mozungulira, kudzera mwa mwana wawo. Koma apa analankhula ndi ine mwachindunji, mawu otsika, osanjenjemera. "Bambo, madzi saiwala khwawa. Imani. Tibwerere."

Ndinaima. Potembenukira panalibe, chifukwa kungophonya phula pang'ono ndiye kuti matayala alowa mumchenga. Ndinaika giya yobwerera m'mbuyo. Akazi anga anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu kumandiuza za timitengo tija, "kumanja pang'ono, basi, wongolani." Kumbuyo kumene tinadutsa pouma mphindi zisanu zapitazo kunali kutadzaza kale madzi. Injini inatsokomola kawiri ndipo ndinaponda mafuta mopepuka ndikupemphera kuti isazime. Sindikudziwa kuti tinabwerera mtunda wautali bwanji. Ndikukumbukira kuti matayala atagwira pouma miyendo yanga inkanjenjemera moti sindinathe kutsika msanga, ndipo apongozi anali atamukumbatira mdzukulu wawo akumuimbira nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Zimene ndinachitazo, zobwerera m'mbuyo, zinatheka chifukwa injini sinazime ndiponso madzi anali asanafike poyandamitsa galimoto. Madzi oyenda okwana masentimita 30 okha akhoza kunyamula galimoto. Injini ikazima musalimbane nayo ndipo musaganize za katundu. Imbani 999, nenani kuti mukufuna Coastguard, opulumutsa anthu panyanja, ndipo ngati kanyumba kaja kali pafupi kwerani mudikire mmenemo. Chaka chilichonse anthu amapulumutsidwa pamsewu umenewu ndi boti lopulumutsa anthu la ku Seahouses, lomwe amayendetsa ndi anthu ongodzipereka, osiya ntchito zawo kuti akatenge munthu amene sanawerenge chikwangwani. Magalimoto awo amatsala m'madzi amchere.

Titabwerera kumudzi ndinapita pa chikwangwani china cha nthawi chimene chili poimika magalimoto. Pa deti la tsikulo panalembedwa 2:30. Tinalowa m'madzi patadutsa pafupifupi ola lathunthu msewu utatsekedwa. Bambo wina wachikulire wa pachilumbapo, amene ankayenda ndi galu wake, anaona madzi akudontha m'zitseko ndipo anaima. Sanandikalipire. Anandifotokozera modekha zimene ndinayenera kuzimvetsa ndisanalembe pepala lija. Madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kuphwa chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo poti mwezi umachedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, nthawi ya madzi nayo imasuntha, pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Ndiye nthawi ya Loweruka ukaigwiritsa ntchito Lachinayi, waphonya ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo waphonyera mbali yoopsa. Anawonjeza kuti mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa madzi amakwera kwambiri ndiponso mwaliwiro, ndipo mphepo yamphamvu, yomwe ija inaletsa maboti m'mawa, imatha kuwakankha kuti afike msanga kuposa zolembedwa. Nthawi ya pachikwangwani si yoti uziyamba ulendo. Pofika nthawiyo uzikhala utawoloka kale, ndipo wanzeru amasiya mphindi 30 zapadera.

Msewu unali woti utsegulidwanso 8 koloko usiku. Apa nkhawa ina inayamba. Apongozi ali ndi matenda a shuga, ndipo mapiritsi awo amadzulo tinawasiya kuchipinda ku Seahouses poganiza kuti 5 koloko tikhala titafika. Dzuwa linalowa isanakwane 6, kuzizira kunakula, ndipo nsapato za tonse zinali zonyowa. Malo ambiri odyera anali atatseka alendo atachoka. Tinapeza hotela ina yaing'ono imene inatilandira, anatikhazika pafupi ndi moto ndipo tinagula chakudya chotentha kuti apongozi adye pa nthawi yake. Kuyambira tsiku limenelo mankhwala a munthu aliyense amayenda m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi madzi, kachakudya ndi masokosi ouma, ngakhale ulendo ukhale wa maola awiri.

Chinandivuta kwambiri chinali kukhala patebulo limodzi ndi apongozi. Ndinawapepesa, mawu akukanirira pakhosi. Ndinati, "Amayi, ndalakwa. Ndikanakuphetsani pamodzi ndi mdzukulu wanu." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwamva pamene ndinalankhula. Ena sakumva. Idyani, chakudya chizizira."

Titadya, ine ndi mwana tinatuluka pang'ono kupita kuseri kwa mabwinja, pamalo okwera oyang'ana kudoko. Chilumba chija chinali chitasinthiratu. Panalibe phokoso la galimoto ngakhale imodzi. Kum'mwera linga la Bamburgh linkaoneka ngati chithunzithunzi chakuda, ndipo kutali nyali ya Longstone inkaphethira. Kuchokera kumchenga wa kutsidya kunkamveka kulira kwakutali, kokoka, ngati anthu akuimba maliro. Zinali nyama za m'nyanja zotchedwa seal, zitasonkhana pamchenga. Ndinamvetsa chifukwa chake amonke aja anasankha malo amene nyanja imawatsekera kawiri pa tsiku. Amene akufuna kuona chilumbachi chili chonchi akhoza kutero mwadala, posungitsa malo ogona pachilumba pomwepo, kapena kulowa madzi asanatseke n'kukonzeka kudikira mpaka atsegule. Zipinda n'zochepa, ndiye pamafunika kusungitsa nthawi ikadalipo.

Tinadikira mpaka 8:20 ndipo tinawoloka kumbuyo kwa galimoto ya munthu wa komweko. Msewu unali wodzaza udzu wa m'nyanja ndi mchenga, mdima uli bii mbali zonse. Mabuleki ankalira. Ku Seahouses tinafika 9 koloko itadutsa, apongozi anamwa mankhwala, ndipo Mulungu anatichitira chifundo kuti sanadwale.

Lachisanu m'mawa galimoto inayaka, koma nyali ziwiri zochenjeza zinali zitayaka ndipo mkati munkanunkha nyanja. Maganizo obisa anandibwerera, oti ndiumitse makapeti n'kukaibweza ngati palibe chachitika. Akazi anga anakana, ndipo ananena zoona. Madzi amchere amadya mawaya ndi mabuleki pang'onopang'ono, ndipo galimotoyo akanadzaikwera anthu ena ndi ana awo. Ndinaimbira kampani ija n'kufotokoza zonse. M'pamene ndinawerenga chiganizo chija: kuyendetsa galimoto m'madzi kapena pamsewu wotsekedwa ndi kusasamala kwa woyendetsa, ndipo inshulansi ya mtundu uliwonse imene akanandigulitsa sikanalipira. Galimoto yodzakoka inafika patatha maola anayi. Ndinapita nayo ku Newcastle, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndinatenga galimoto ina yaing'ono ndi kupereka chikole chatsopano, ndipo ndinabwerera kutada. Tsiku lonse linapita. Matikiti athu anayi okaonera nyenyezi ku Kielder, dera limene mu 2013 linavomerezedwa kukhala malo otetezedwa a thambo lamdima, anapita pachabe chifukwa nthawi yosinthira inali itadutsa.

Linatsala Loweruka lokha. Ndinang'amba pepala lija n'kufunsa apongozi chimene akufuna kuona. Anasankha khoma la Aroma. Kuchoka ku Seahouses kukafika kukhomako ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri, zomwe zikusonyeza kuti ndondomeko yanga yoyamba, yoti tione khoma, tipite ku Kielder usiku n'kubwereranso kugombe, ikanatilemetsa ngakhale popanda za madzi. Bomali ndi lalikulu. Gombe ndi ulendo wake, khoma ndi ulendo winanso, ndipo ngati mukufuna zonse ziwiri gonani mbali zonse ziwiri.

Khomali anayamba kulimanga m'chaka cha 122 molamulidwa ndi mfumu Hadrian, ndipo linkayenda makilomita 117 kudutsa dziko lonse kuchokera ku Wallsend kum'mawa mpaka ku Bowness-on-Solway kumadzulo. Mbali yake yokongola kwambiri ili mu Northumberland, kumene limakwera ndi kutsika pamisana ya matanthwe ngati njoka. Tinapita malo awiri okha. Ku Housesteads pali chitunda chokwera kuchokera poimika magalimoto, ndipo tinachikwera mwa liwiro la apongozi, kupuma katatu, popanda wowerenga mphindi. Pamwamba pali maziko a msasa umene munkakhala asilikali pafupifupi 800, nkhokwe zawo, chipatala, ngakhale zimbudzi zokhala ndi ngalande za madzi. Chakumadzulo pang'ono ndi ku Sycamore Gap, kumene kunali mtengo wotchuka umene anthu ena anaudula usiku mu Seputembala 2023. Kwatsala chitsa, ndipo ndi bondo la apongozi sitinapiteko.

Ku Vindolanda, msasa wina wa Aroma, ndi kumene tinakhalitsa. Dothi la kumeneko ndi lonyowa, losalowa mpweya, choncho lasunga zinthu zimene kwina zikanawola kalekale: nsapato zachikopa zambirimbiri, zina za ana aang'ono, zipeso, ndi timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki timene anayamba kutifukula mu 1973. Kamodzi mwa timatabwato ndi kalata imene mayi wina, Claudia Severa, analembera mnzake Sulpicia Lepidina cha m'chaka cha 100, kumuitana kuphwando la tsiku lake lobadwa. Kena kamanena za masokosi ndi zovala zamkati zimene wina anatumizira msilikali. Apongozi anaseka koyamba chichitikire za Lachinayi. Anati amene anatumiza masokosiyo ankadziwa kuzizira kwa kuno. Anaima nthawi yaitali pa kansapato ka mwana, n'kumayerekeza ndi chikhatho chawo.

Kalata ya kampani inafika patatha masabata atatu. Kukonza mabuleki, mawaya apansi ndi makapeti kunakwana mapaundi 1,400, kukoka galimoto mapaundi 180, kuphatikizapo masiku amene galimotoyo inakhala osagwira ntchito. Pamodzi ndi hayala yachiwiri ndi matikiti aja, kulakwitsa kwa ola limodzi ndi theka kunatidyera ndalama zoposa mapaundi 2,000, kuposa mtengo wa ulendo wonse. Ndinapempha kulipira pang'onopang'ono ndipo anavomera. Ndinamaliza mu Febuluwale, nditagwira mashifiti owonjezera a usiku, apongozi atabwerera kale. Farne Islands, Kielder ndi malinga a tauni ya Berwick sitinazione. Mwana wanena kuti tidzapite mu Juni mbalame zake zikadzabwera, ndipo wapempha kuti nthawi zowolokera adzawerenge ndi iyeyo pachikwangwani, ine ndidzangotsimikizira.